Nsalu Ziwiri za Telala wa ku Dong Ha

Makina angawa ndinagula kwa Mfalansa
amene ankathawa ngongole ndi malungo.
Anandisiyira singano zisanu, kabotolo ka mafuta,
ndi liwu limodzi la chinenero chake
limene mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuthokoza kapena kutukwana.

Ndasokapo mbendera zambiri.
Ya mitundu itatu ndinasoka ndili mnyamata, ndikumeza malovu owawa.
Ajapani anafuna dzuwa lofiira pansalu yoyera.
Chaka chimenecho mpunga unakwera sitima,
anthu anakumba mizu ya nthochi,
ndipo nsalu yoyera yotsala tinaing'amba
n'kumanga kumutu polira maliro.

Lero pashelefu pangotsala mipukutu iwiri,
wofiira ndi wachikasu.
Ukayala wofiira n'kusokerapo nyenyezi yachikasu,
ndiwe wa kutsidya, kumpoto kwa mtsinje wa Ben Hai.
Ukayala wachikasu n'kudutsitsapo mizere itatu yofiira,
ndiwe wa kuno.
Lumo ndi lomwelo.
Chala chimene ndimadzibaya ndi chomwechi.

Khiem anawoloka chaka chimene akuluakulu
anatidula pakati ndi cholembera ku Geneva.
Ali m'bwato anakweza zala ziwiri:
zaka ziwiri zokha, bambo, tidzavota, ndidzabwera.
Ndinamusokera malaya a zaka ziwiri,
osasiya mpindiro woti adzakulire.
Ankanena za mlimi amene sadzagwadiranso mwini nthaka,
mawu ake otentha ngati simbi ya makala,
ndipo ine, amene bambo anga anafera m'munda wa eni, ndinamumva.
Koma pambuyo pake kunabwera mphekesera
za anthu ozengedwa mlandu pabwalo chifukwa cha njati imodzi ndi denga la matailosi.
Ndilibe pomulembera kalata kuti ndimufunse.

Mng'ono wake, Loc, sanasankhe kanthu.
Lole inaima pamsika, mayina anawerengedwa, basi.
Yunifolomu imene anampatsa inasokedwera munthu wa kutsidya kwa nyanja,
manja ake ofika m'mawondo.
Ndinaifupikitsa usiku wonse pa nyali ya palafini
iye akuliza mkonono pabenchi, kukamwa yasa, ngati khanda.

Alendo atsopanowa ndi ataliatali, ndipo amalipira bwino.
Poyamba anali ochepa, ati alangizi.
Tsopano ndege zawo zimauluza mpunga woyanika pabwalo,
nkhuku zinasiya kuikira.
Mmodzi anabwera ndi batani lothothoka,
nandionetsa chithunzi cha mayi ake ataima pambali pa galimoto.
Sindinamufunse chimene anadzera kuno.
Maso ake ankaoneka kuti nayenso akufuna womufunsa.
Mfuti ya Khiem nayo akuti inachokera kutali, kudziko lozizira.
Aliyense wabwera kudzatithandiza.
Thandizo latifika m'khosi.

Usiku a m'nkhalango amagogoda kukhomo la kuseri:
amalume, nyenyezi zitatu pofika Lachisanu.
Masana kalaliki wa boma amaika chipewa pathebulo:
mizere, mbendera zana, kukubwera alendo.
Onse ndimawayankha kuti inde.
Mwana wanga ndi uti amene ndingamukanire?

Zidutswa zimagwera pansi pa makina mosakanikirana,
sizidziwa kuti ndi adani.
Mkazi wanga Dieu amazitola m'mawa,
amazibisa mumtsuko umene kale munkakhala msuzi wa nsomba,
ndipo mvula ikamagwa amazilumikiza ndi dzanja.
Palibe nyenyezi, palibe mzere,
chofunda chabe, chonunkha mchere.
Dzulo anachiyeza ndi mkono,
akuti anyamata awiri akwanamo
ngati atagona mopanikizana monga kale,
wina mapazi kumutu kwa mnzake.

Sindinayankhe.
Ndinawerama n'kuthira mafuta m'makina.
A Mfalansa aja anatha kalekale.
Awa ndi opukutira mfuti, anandibweretsera Loc ali patchuthi,
ndipo kunena zoona
makinawa sanayendepo mofewa chonchi.